Likongwe, Nanjiri ndi Chigaza cha Chipembere

Padangokhala! Vomerani kuti tili tonse, pakuti nkhani iyi ndi yolemera, mmodzi sangaisenze.

Kalekale nyama zonse zinkamwa pachitsime chimodzi. Chitsimecho chinakumbidwa m'nthawi ya mfumu Chipembere, amene anali atamwalira zaka zambiri m'mbuyomo. Pampando tsopano panali mfumu Mphalapala, mfumu yofatsa, yosagamula kanthu isanamve maganizo a aliyense, ngakhale a Chule.

Chaka china mvula inakana. Chaka chotsatira inakananso. Chitsime chinakwiririka ndi matope, madzi n'kutsala ochepa, ofiira, oti nyama zizimwa mosinthana. Mfumu inaitanitsa msonkhano pabwalo.

"Tichikumbenso chitsimechi," inatero mfumu. "Koma tikumbe mwanzeru. Tiyambe tagumula m'mbali kuti mukhale motsetsereka, titchinge ndi mitengo, kenako tizitsika pang'onopang'ono. Kuthamanga sikufika."

"Zitenga masiku angati, mfumu?" anafunsa Mbidzi.

"Mwina miyezi iwiri."

Nyama zinang'ung'udza. Waludzu ukamuuza za miyezi iwiri amaona ngati ukumutukwana.

Pagululo panali Likongwe. Iyeyu poyamba anali mthenga wa mfumu, koma anamuchotsa ntchito atamupeza akumwa mazira a Nkhanga tsiku limene anamutuma kukazonda Nkhangayo. Chichokereni ankayenda ndi chakukhosi, kufunafuna njira yobwerera kubwalo, osatinso ngati mthenga koma ngati nduna. Atamva kung'ung'udzako, makutu ake anaima.

M'mawa mwake anapita kwa Njati wokalamba, amene mano anali atatha mkamwa.

"Agogo, paja inu munamuona Chipembere. Nthawi yake inali yotani?"

"Aa, mwanawe, usandikumbutse. Udzu wa masiku amenewo unali wofewa, unkangosungunuka mkamwa. Wa lerowu ndi zingwe zokhazokha."

Likongwe anayang'ana nkhama za Njati. Anapitirira kwa Mbawala yokalamba, ya nyamakazi m'mawondo.

"Njira zinali zazifupi," inatero Mbawala. "Kuchitsime tinkafika tisanatope. Lero njira yomweyo yatalika, sindidziwa amene anaikoka."

Anafikanso kwa Nyani wa imvi.

"Ulemu unalipo," anatero Nyani. "Atsikana a nthawi imeneyo ukawapatsa moni ankaima n'kumwetulira. A lerowa amangodutsa ngati aona chitsa."

Pobwerera Likongwe ankaseka yekha. "Awa sakulira Chipembere ayi. Akulira mano awo, mawondo awo ndi unyamata wawo. Koma zimenezo alibe woti amufunse kuti wazipititsa kuti. Ine ndiwapezera woti amufunse."

Anapangana ndi Fisi, n'kumulonjeza ukapitawo. Awiriwo anakafukula chigaza cha Chipembere, nyanga yake ikadalipo, anachikokera pabwalo n'kuchikhazika pamwala. Nyama zitasonkhana kudzaona, Likongwe anatsamira khutu pachigazacho, anatsinzina kanthawi, kenako anayamba kuimba.

Nyimboyo inkayambira pansi ngati ya pamaliro, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka mapazi kuyamba okha kuponda. Inkanena za udzu wofewa, za njira zazifupi, za ana aulemu, ndi za chitsime chodzaza mpaka pakamwa. Pothera inkafunsa kuti masiku amenewo anawabisa ndani, ndipo ovomera ankayankha poitana Chipembere kuti adzuke. Nkhalamba zinalira misozi. Achinyamata, poona akulu akulira, anavomera mokweza kuposa onse.

Tsono panali mayi wina, njiri yokalamba ya dzino limodzi lothyoka, dzina lake Nanjiri. Njiri ndiwo anali akatswiri okumba. Nanjiri anali ndi mwana mmodzi yekha, Msiyeni, mnyamata wamkulu kale, wamphamvu, amene pokumba panalibe womuposa. Nyimbo itatha, Nanjiri anaimirira.

"A Likongwe, ndifunse nawo. Pamene Chipembere ankalamulira, inu munali kuti?"

"Funsani bwino, amayi."

"Ndafunsa bwino. Munali musanabadwe. Amayi anu omwe anali asanathe msinkhu. Mukuimba za chinthu chimene maso anu sanachione."

Pabwalo ena anayamba kuyang'anana. Likongwe anagwetsa nkhope ngati wamasiye.

"Amayi anena zoona," anatero motsitsa. "Sindinamuone. Ndipo tsoka langa ndi lomwelo. Amayiwa anamwako madzi oyera, anadyako udzu wofewa. Ife tinabadwira m'matope. Anzanganu achinyamata, ndani wa inu anaonapo chitsimechi chitadzaza?"

"Palibe!"

"Ndiye amene anakhuta akutiletsa ife ngakhale kulira njala?"

Nyimbo inayambanso, yokwera kuposa poyamba. Nanjiri anakhala pansi.

Tsiku lachiwiri nyama zinabwera zambiri. Likongwe anatsamira khutu pachigaza, n'kunena kuti Chipembere akudabwa ndi mfumu imene imafunsa nzeru kwa Chule. Nyama zinaseka. Anaimba nyimbo ija, ya udzu wofewa ndi chitsime chodzaza, khamu n'kuitana wakufayo kuti adzuke. Itatha, Nanjiri anaimiriranso, anayenda mpaka pakati pa bwalo n'kuyasamula.

"Onani dzino ili. Silinathyoke ndikudya chinangwa. Madzi analipo m'nthawi ya Chipembere, sindikana, ndinamwako. Koma tinkakumba kuyambira dzuwa lisanatuluke mpaka kulowa, opanda chakudya, asilikali ake ataima pamwamba ndi zikoti. Tsiku lina ndinagunda thanthwe. Ndinati ndipume, msilikali anandiponda pamutu kuti ndipitirize. Dzino linatsala m'thanthwemo. Zimenezi m'nyimbo yanu mulibe."

Njati wokalamba uja anakanda pansi ndi chiboda. "Zikoti zinalipodi," anang'ung'udza. "Ndinaiwala."

Likongwe anaona kuti mphepo ikutembenuka. Anathamanga, anakagwada pamaso pa Nanjiri.

"Inu nonse, taonani! Taonani mayi wa masiku amenewo! Thanthwe linamukaniza, iye n'kulisiyira dzino, osabwerera m'mbuyo. Lero alipo ndani angapereke ngakhale ubweya umodzi? Tili ndi mfumu yoopa fumbi, yofuna kutchinga ndi mitengo ngati khola la nkhunda. Amayi, mwatiphunzitsa. Dzino lanu lilowa m'nyimbo."

"Si zimene ndikunena!" anakuwa Nanjiri.

Koma mawu ake anamira. Nyimbo inali itayamba kale, tsopano ili ndi ndime yatsopano yotamanda dzino lotsala m'thanthwe. Nyama zina zinabwera kudzamugwira mwendo Nanjiri pomuthokoza.

Madzulo a tsikulo mfumu Mphalapala inapita yokha kwa Nanjiri.

"Amayi, ndaona mukulimbana nokha. Ine ndikalankhula akuti ndikuteteza mpando. Kodi pali china chimene mukudziwa?"

"Chilipo, mfumu. Koma ndinachikwirira kalekale. Ngakhale Msiyeni sachidziwa."

"Sindikukakamizani."

"Ndikudziwa. Ndicho chifukwa chake ndichinena."

Tsiku lachitatu bwalo linadzaza, ena n'kukwera m'mitengo. Nanjiri sanadikire kuti nyimbo ithe. Analowa pakati ikadali mkati, n'kuima pafupi ndi chigaza mpaka oimba anasiya mmodzimmodzi.

"Ndinali ndi ana atatu mwana uyu asanabadwe," anatero. "Woyamba Dzimbiri. Wachiwiri Kalinde. Wachitatu, wamkazi, Mwatitha. Onse ankakumba nane. Dzimbiri anaona kuti khoma la kum'mawa layamba ming'alu, anauza asilikali. Asilikali anauza Chipembere. Chipembere anati madzi akufunika mwezi usanathe, wotuluka m'dzenje athyoledwe msana. Masana a tsiku lomwelo khoma linagumuka. Ine ndinali mbali ina. Ndinamva Mwatitha akundiitana pansi pa dothi. Anandiitana katatu. Ndinayamba kufukula, anandikoka miyendo, akuti ntchito ichedwa. Sanawatulutse. Anatiuza kuti titsendere dothilo likhale khoma latsopano. Ndinatsendera nawo, ndi mphuno yangayi. Ali momwemo mpaka lero. Madzi oyera amene mukuimbawo ankadutsa pa ana anga."

Mbawala yokalamba inaweramitsa mutu, chifukwa inakumbukira tsikulo. Msiyeni anangoti kukamwa yasa, akuyang'ana amayi ake ngati mlendo. Fisi anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, kufuna pothawira.

Likongwe anagona pansi chafufumimba, n'kuyamba kulira mokweza.

"Dzimbiri! Kalinde! Mwatitha! Zaka zonsezi takhala tikumwa, osadziwa mayina anu! Ndani anatibisira? Mfumu ili pampandoyi inayamba yawatchulapo? Inawaikirapo ngakhale mwala umodzi? Anawa anagona pansi kuti ife timwe, ndipo ife tachisiya chitsime chawo kuti chikwiririke ndi matope. Abale anga, tilole kuti anafera chabe?"

"Ayi!"

"Tilole?"

"Ayi!"

Anadzuka n'kuyambitsa nyimbo. Ulendo uno m'malo moitana Chipembere yekha, ovomera ankatchula mayina atatu aja limodzi ndi lake, ngati kuti anali mfumu ndi ngwazi zake zokondedwa. Nanjiri anamva mayina amene anawasunga mumtima zaka zonsezo akuponyedwa m'mwamba ndi pakamwa pa nyama zosawadziwa, akutamanda amene anawapha. Anatseka makutu, koma nyimbo inkalowabe. Ndipo atatembenuka anaona Msiyeni akuimba nawo, misozi ili chuchuchu.

Tsiku lomwelo nyama zinachotsa Mphalapala pampando. Iye sanalimbane nawo.

"Mpando tengani," anatero. "Koma musatsike m'dzenjemo musanatchinge khoma."

Fisi anamuthamangitsa mpaka kunja kwa dziko. Pampando anakhazikapo chigaza cha Chipembere. Likongwe anakhala nduna yaikulu, yomva ndi kunena zimene chigaza chikufuna, ndipo ankamwa madzi poyamba, ena asanamwe.

Kunyumba Nanjiri anamugwira mwana wake.

"Msiyeni, mawa usapite kukakumba."

"Amayi, zaka zonsezi simunandiuze kuti ndinali ndi abale. Ndakamvera pabwalo, pamodzi ndi Chule."

"Ndinkafuna ukule wopanda dothi limenelo pamtima."

"A Likongwe awatchula kambirimbiri lero lokha. Inu simunawatchulepo n'kamodzi komwe."

"Iye akuwatchula chifukwa sakumuwawa. Mwana wanga, dzina lakoli ndinakupatsa popempha imfa kuti iwe wekha ikusiye. Usandichititse manyazi pamaso pake."

"Abale anga sanathawe. Ine ndithawe?"

"Sanathawe chifukwa pamwamba panali zikoti! Dzimbiri ankafuna kutuluka!"

Msiyeni anapukuta misozi ya amayi ake ndi mphuno, koma maso ake anali kale kwina.

Nanjiri anathamangira kwa Likongwe. Anamupeza ali yekha, akunyambita chikamba cha dzira.

"A nduna, pano palibe wotimva. Chigaza chija chimalankhuladi?"

"Amayi, m'chigaza muja muli akangaude."

"Nanga bwanji mukuchita zimenezi?"

"Za mawa ndikanena, andifunsa kuti zili kuti. Za lero aliyense akuziona ndi maso ake. Koma za dzulo, amayi, dzulo silibwera kudzakutsutsa. Mboni zake zatha mano, ndipo zotsalazo zimakumbuka zimene zikufuna."

"Ine ndine mboni."

"Ndinu mboni yabwino kwambiri. Popanda inu nyimbo yanga ikanatha tsiku lachiwiri."

"Muuzeni mwana wanga asatsike. Inu akumverani."

"Ndikamuletsa iye, enawo atsika bwanji? Musade nkhawa. Mwina khomalo ligwira."

Kutacha ntchito inayamba. Likongwe anatsamira khutu pachigaza n'kulengeza kuti Chipembere akufuna madzi m'masiku atatu, monga kale, popanda mitengo, popanda kupuma. Fisi anaima pamwamba ndi chikoti. Msiyeni ndiye anatsika poyamba, osadikira kuuzidwa, n'kusankha mbali ya kum'mawa kumene kunagona abale ake. Anzake angapo anamutsatira. Pamwamba nyama zinkaimba nyimbo ija kuti okumba alimbe mtima.

Tsiku loyamba dothi linatuluka lambiri. Tsiku lachiwiri linayamba kutuluka lonyowa, nyama n'kululutira. Nanjiri sanachoke m'mphepete. Sankayang'ana dothi lotuluka, ankayang'ana khoma. Masana a tsiku lachitatu anaona mng'alu ukuyenda ngati njoka.

"Tulukani! Msiyeni, tuluka!"

Anzake aja anamva, anayamba kukwera. Fisi anawakwapula kuti abwerere, koma anamudutsa. Msiyeni anali pansi penipeni. Anakweza mutu, nkhope yonse matope, akuseka.

"Amayi, madzi! Ndawamva, ali pafupi!"

Khoma linati gumu!

Nyimbo inadukira pakati. Fumbi litatsika, panalibenso dzenje. Ngakhale timadzi tofiira tija, timene ankamwa mosinthana, tinali titakwiririka.

Nanjiri sanalire. Anatsetserekera pamulu wa dothiwo, anagwada, n'kuyamba kufukula ndi dzino lake limodzi lija. Ulendo uno panalibe womukoka miyendo. Koma panalibenso wotsika kudzamuthandiza, chifukwa onse ankaopa kuti khoma lotsalalo ligwanso.

Mantha atatha, ukali unabwera. Nyama zinayamba kufunsana kuti Likongwe ali kuti. Zinatola miyala, zinapita kubwalo.

Koma Likongwe anali atamva kale nkhani imene enawo anali asanaimve. M'mawa wa tsikulo Muimba anamunong'oneza kuti Mphalapala wafa ndi ludzu panjira, ndipo pomwe khoma linkagwa n'kuti Likongwe atatuma kale miimba kuti ikamutengere nyanga zake. Khamu litafika linamupeza atadzola phulusa kumaso, atakumbatira nyanga ziwiri zazitali. Chigaza cha Chipembere chinali chitagubuduzidwa pansi.

"Ndiponyeni miyalayo," anatero. "Ndiponyeni, ndipume. Atate wathu Mphalapala wapita. Uja ankafunsa nzeru ngakhale kwa Chule. Uja sanakwezepo chikoti pa mwana wa mwini. Mukukumbuka m'nthawi yake? Madzi anali ochepa, inde, koma aliyense ankamwa. Munamvapo kuti wina wafera m'dzenje?"

"Ayi," inayankha Mbawala, mwala ukugwa pansi.

"Anatichenjeza za khoma. Ine ndinkati tikumbe ngati akale, sindinati tikwapulane. Chikoti chinali m'manja mwa yani? Amene anamuthamangitsa mpaka kukafa ndi ludzu ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kwa Fisi.

"Iwe Likongwe!" anakuwa Fisi. "Si iwe unati..."

Sanamalize. Miyala imene ankafuna kumugenda nayo Likongwe inatsata Fisi, ndipo anathawa akutsimphina, osadzabweranso. Likongwe anakhazika nyanga za Mphalapala pampando, anatsamira khutu, n'kuyamba nyimbo yatsopano. Mayimbidwe ake anali omwe aja, oyambira pansi n'kumakwera. Inkanena za mfumu yofatsa, za misonkhano imene wamng'ono ankalankhula, za masiku amtendere omwa mosinthana. Pothera inkafunsa kuti masiku amenewo anawabisa ndani. Nyama zomwe zija zimene zinamuchotsa Mphalapala zinavomera zikulira, ndipo zinkalira moona.

Nanjiri anafukula masiku awiri. Mawondo ananyuka, magazi n'kusakanikirana ndi dothi. Tsiku lachitatu anamupeza Msiyeni, mutu utaloza pansi, mphuno ili m'matope onyowa. Anamukokera pamwamba yekha, anamupukuta nkhope, n'kukhala naye.

Likongwe anabwera, phulusa likadali kumaso.

"Pepani, amayi. Tonse tili pachisoni."

Nanjiri sanadzuke. Anali chigwadire, chifukwa mawondo anali atakana kuwongoka.

"A nduna," anatero, "ndinalimbana nanu katatu, munandigonjetsa katatu. Sindilimbananso. Mpando ndi wanu, madzi akadzapezeka muzimwa poyamba. Ndikupempha chinthu chimodzi. Atatu aja munawatenga. Uyu yekha mundisiyire. Dzina lake lisalowe m'nyimbo."

Likongwe anakanda kukhutu. Kanthawi kochepa anaoneka ngati wachita manyazi, anayang'ana mtembo uja, anayang'ana mawondo a mayiyo. Kenako mphepo inabweretsa mawu ochokera kubwalo. Nyama zinali zikuimba, ndipo pa ndime yovomera zinkatchula Mphalapala pamodzi ndi mnyamata wolimba mtima amene akanakhala ndi moyo mfumu yabwinoyo ikanamveredwa.

"Mwachedwa, amayi," anatero Likongwe. "Ayamba kale. Ndipo ndime imeneyo sindinawaphunzitse ine."

Anatembenuka n'kubwerera kubwalo, poopa kuti wina angamulande kutsogolera.

Nanjiri anamuika yekha mwana wake, kutali ndi chitsime, pamalo amene sanauze aliyense. Atamaliza anabwerera kukhoma la kum'mawa, anagwadanso, n'kuyamba kufuna atatu aja. Mvula inadzagwa chaka chimenecho, nyama zinamwa m'zithaphwi, ena n'kumati yabwera chifukwa cha nyanga za Mphalapala, nkhalamba zina n'kumati ya m'nthawi ya Chipembere inkagwa yoposa pamenepo. Nanjiri sanalowe nawo mkanganowo. Ankangokumba.

Mpaka lero mukaona njiri, mudzaiona ikukumba chogwada, mphuno pansi, osakweza mutu ngakhale kwina kukuimbidwa.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akafukule, isanapserere.